Mutu 6: Mabotolo Awiri ndi Chitsime cha Nyumba Zisanu ndi Ziwiri

1. Filimu imodzi yokha

Mvula inagwa masiku anayi osalekeza, ndipo komboni yonse ya Kanyama inasanduka matope. Anthu ankayenda modumpha pamwamba pa miyala, nsapato zili m'manja. Munali mu Febuluwale, chaka cha 1979.

Angelina Njobvu anali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi. M'mawa umenewo ankakankha madzi pakhomo ndi tsache. Amayi ake anali atalawirira kumsika kukagulitsa kapenta. Atate ake, Ba Dixon, wojambula zithunzi, anapita ku Katete ku maliro a mkulu wawo. Anati akakhala sabata imodzi, koma tsopano mwezi unali utakwana.

Ba Chilekwa analowa pampanda osaodira. Anali makaniko wa m'nyumba yoyandikana nayo. Akazi awo, Ba Mainess, anamwalira pobereka masiku asanu ndi anayi apitawo. Mwana yekha ndiye anatsala, wamkazi, dzina lake Mwape.

"Angelina, ba tate bako babwela?"

"Bakalibe, ba Chilekwa. Timvela ati njila yaonongeka."

Ba Chilekwa anavula chipewa, nachivalanso. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi.

"Ija siku unakopa bakazi banga pa komo, bavala chitenge cha nyowani. Ukumbuka?"

"Nikumbuka. Benze kuseka ati mimba izapwanya kamela."

"Filimu ija ikaliko?"

"Ikali mu kamela. Siinawashiwe."

"Mvela, mwana wanga. Ba mayo bayenda na mwana ku Kasama na sitima mailo kuseni. Ine siningamusunge neka na nchito. Nifuna ayende na nkope ya amai bake. Akakula azafunsa. Kulibe sinapu inangu, Angelina. Ya pa reji, chitupa cha boma, inasala ku ofesi. Ni iyo chabe."

Angelina anaimika tsache pakhoma.

"Nizawasha lelo. Bwelani mazulo, pa seventini awazi."

"Ungakwanise weka?"

"Ba tate bananipunzisa."

Ba Chilekwa anagwedeza mutu n'kutuluka. Kunyumba kwawo mwana ankalira, kamawu kakang'ono ngati ka mphaka.

2. Mawu a Ba Dixon

Kachipinda kotsukiramo zithunzi kanali kuseri kwa nyumba. Ba Dixon anakamanga okha n'kukafolera ndi malata awiri. Kanalibe zenera. Mabowo a misomali anawamata ndi phula, ndipo pachitseko anapachika bulangete lakuda. Dzuwa likawomba, m'katimo munkatentha ngati mu uvuni wa buledi.

M'menemo munali mabotolo awiri akuluakulu ofiirira. Lina linali la divelopa, mankhwala otulutsa chithunzi pa filimu. Lina linali la fikisa, mankhwala olimbitsa chithunzicho kuti chisafufutike chikaona kuwala. Pambali panali chitini cha mabo, timipira tagalasi tija amaseweretsa ana. Pakona panali chigubu chachikulu chothiramo mankhwala otha ntchito.

Tsiku lonyamuka, Ba Dixon anamuimika Angelina m'kachipindamo, chikwama chili kale paphewa.

"Mwana wanga, mankhwala awa ali ngati mkaka," anatero. "Akakhala ufa m'paketi yosatsegula, atha kukhala zaka. Koma ukangowasungunula m'madzi, ayamba kufa tsiku lomwelo. Adani ake ndi atatu: mpweya, kuwala ndi kutentha. Botolo lodzaza mpaka m'khosi, lotseka bwino, litha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Botolo la theka, m'kachipinda kotentha ngati kano, mwezi silimaliza. Ndiye ukapungulako, uziponyamo mabo mpaka mankhwala akwere afike m'khosi, mpweya usowe pokhala. Mabotolo uziwaika pansi, pa simenti pozizira. Ukuona wekha mmene zinthu zilili m'tauni. Sopo tikuimira pamzere, mafuta ophikira tikuimira pamzere, nanji mankhwala a zithunzi? Ukawononga awa, sindidziwa kumene tikapeza ena."

"Ndamva, atate."

"Sindinathe. Chachiwiri ndi ichi, ndipo ndicho chachikulu. Mankhwala otha ntchito onse azipita m'chigubu. Ndikabwera ndidzachikweza panjinga kupita nacho kwa munthu uja wa kumafakitale amene amachotsamo siliva. Usathire pansi. Usathire m'ngalande, usathire m'chimbudzi. Kanyama yense wakhala pa mwala wobookabooka. Pansi pathu pano pali tinjira ta madzi timene sitioneka. Chimene wathira kuseri kwa nyumba m'mawa, madzulo uchipeza mu ndowa. Chitsime chija sichathu tokha. Timwapo nyumba zisanu ndi ziwiri, ndipo m'nyumba iliyonse muli ana. Chithunzi chikawonongeka, munthu akwiya, akutukwana, basi. Chitsime chikawonongeka, sudzakhala ndi pakamwa popepesera. Wamva?"

"Ndamva, atate."

Anamvadi. Koma sabata yoyamba yomwe, anzake a kusukulu anabwera ndi mafilimu awo a pa Khrisimasi. Anawatsuka onse anayi, anzakewo akumufulumiza panja. Mabo sanaponyemo. Kenako madzi atayamba kulowa pansi pa chitseko, anakweza mabotolo pashelefu ya pamwamba, pansi penipeni pa malata. Anakhala pamenepo masabata atatu, m'masiku a dzuwa ndi a mvula omwe.

3. Kadutswa ka filimu

Angelina anakwera pampando n'kutsitsa mabotolo aja. Onse anali theka.

Anathira divelopa pang'ono m'kapu yoyesera. Ali watsopano amaoneka ngati madzi. Uyu anatuluka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka amene wagonera m'ketulo.

Ba Dixon ankasunga tizidutswa ta filimu m'bokosi la machesi, toyesera mankhwala. Angelina anatsegula chitseko kuti kuwale, n'kuponya kadutswa kamodzi m'kapumo. Mankhwala amoyo amadetsa kadutswako bii munthu asanamalize kuwerenga mpaka handiredi.

Anawerenga mpaka handiredi. Kadutswa kanali kotuwa.

Anawerenganso. Anagwedeza kapu. Anatuluka panja, anabwerera, anawerenganso kachitatu. Kanali kotuwabe.

Anatsegula botolo la fikisa. Fungo linamuwomba m'mphuno, la mazira owola. Mankhwala anali oyerera ngati madzi otsukira mpunga, pansi pali zachikasu. Nawonso anali atafa.

Angelina anatenga kamela, anaigwira m'manja onse awiri. Filimu inali m'katimo. Akanatha kungoyesa, kuisiya nthawi yaitali m'mankhwala, mwina china chake n'kutuluka. Koma atate ake ankanena kawirikawiri kuti, "Malaya ukachapa osayera, uchapanso. Filimu imatsukidwa kamodzi."

Anaibwezera kamela pa msomali.

Munthu mmodzi yekha ndiye akanakhala ndi mankhwala atsopano. Anali Ba Benard a ku Chawama, mdala amene anaphunzitsa Ba Dixon ntchitoyi. Koma kwa Ba Benard munthu ankapita ndi botolo lake. Mabotolo ofiirira ankasowa ngati mankhwala omwe.

Choncho mabotolo awiriwo anayenera kukhutulidwa.

4. Mng'alu wa kuseri

Angelina anatsegula chigubu. Chinali chodzaza mpaka pakamwa, moti chivindikiro chinatuluka chonyowa.

Anazungulira nyumba kufunafuna china chothiramo. Ndowa inali ya madzi akumwa. Miphika inali ya amayi ake. Beseni linali ndi zovala zonyika. Chitini cha penti chimene anachipeza kuchimbudzi chinali chobooka pansi.

Wayilesi ya m'nyumba ina inalengeza naini awazi. Ku Chawama kunali kutali, ndipo mabasi sankalowa m'matope amenewo. Kumwamba mitambo inayambanso kuda.

Kuseri kwa kachipinda kunali mwala waukulu wong'aluka pakati. Mvula ikagwa, madzi a padenga ankalowa mu mng'alu umenewo, kumveka kulukulu pansi, osaonekanso. Kuchokera pamenepo kufika pachitsime anali mapazi khumi ndi awiri.

Angelina anaima pamwalapo, botolo m'manja. Anayang'ana kuchitsime. Kunalibe munthu. Anayang'ana kumpanda. Kunalibe munthu.

"Ni tung'ono chabe," anadziuza. "Mvula izasuka."

Anakhutula divelopa. Mng'alu unameza. Anakhutula fikisa. Unamezanso.

Atabwerera m'kachipinda, anaona chigubu chija. Masana akatsuka filimu, mankhwala otha ntchito adzafuna pothira. Anaima pang'ono. Ndiye anachikoka ndi manja awiri, chikukhukhuza pansi, mpaka pamwala paja. Anachigoneka. Chinatenga nthawi kuti chithe, chikuchita phokoso ngati munthu wakumwa mothamanga. Fungo linadzaza kuseri konse.

Anathirapo matope ndi phazi, anaikapo chidina. Anatsuka mabotolo ndi madzi a m'diramu la pansi pa denga, anawakulunga m'chitenge, anawabereka kumsana ngati mwana.

Akutuluka, anakumana ndi bana Chilekwa, amayi awo a Ba Chilekwa, akuyanika matewera pansi pa khonde. Anabwera kuchokera ku Kasama kudzakhuza maliro, ndipo ndiwo ankalera khandalo ndi mkaka wa m'chitini.

"Wayenda kuti na mvula iyi, we mwana?"

"Ku Chawama, ba mbuya. Nibwela manje manje."

"Endesha. Mwana wandi Chilekwa sagona, alindila chabe chikope, ija sinapu ya mukazi wake."

5. Manja a Ba Benard

Anadzera ku Chibolya, anawoloka msewu wa ku Kafue, analowa ku Kuku madzi ali m'mawondo. Patapata imodzi inadukira m'matope. Anavula inzake n'kuyenda chosavala. Anafika ku Chawama nthawi itadutsa ileveni.

Ba Benard anali pakhonde la kasitudiyo kawo, akupukuta galasi la kamela ndi kansalu. Anali mdala wamfupi, diso limodzi lotsinzinira chifukwa cha zaka zambiri zosuzumira mu kamela.

"Iwe, si ndiwe mwana wa Dixon? Uja akopa bantu mitu yoduka?"

"Ndine, ba shikulu. Koma mitu siyaduka masiku yano."

"Ehe, ndaba ninamumenya na lula. Wabeleka chani? Wabala mapasa?"

Angelina anamasula chitenge, anaika mabotolo pansi, n'kufotokoza za Ba Mainess, za mwana, ndi za sitima ya mawa. Ba Benard anasiya kuseka. Ananyamula botolo limodzi, ananunkhiza pakamwa pake, anakwinya nkhope.

"Yanafa kudala aya. Mabo yenze kuti?"

"Ninaibala."

"Unaibala. Kudya suibala."

Analowa m'kati. Anatulukanso ndi majagi awiri ndi fanelo. Anali atasungunula mapaketi awo omaliza dzulo lake. Anathira mosamala, osataya ngakhale dontho, ndipo atamaliza anaponyamo mabo awo mpaka mankhwala anafika m'khosi.

"Va malilo sitigulisa," anatero. "Tenga. Manje niuze. Yakudala wataya kuti?"

Angelina anawerama n'kuyamba kumanga chitenge.

"Mu chigubu cha ba tate."

"Wachita bwino. Dixon anakupunzisa. Bwela kuno, ona manja yanga aya."

Anatambasula manja. Khungu linali long'aluka ngati matope ouma, zikhadabo zakuda ngati za munthu wosuta fodya.

"Ni mankwala aya yananidya so. Manje ngati yadya chikumba cha mudala monga ine, nanga mumala mwa mwana? Ine ninayamba nchito iyi chaka cha ufulu. Bantu benze kufuna masinapu monga bafunta, aliyense na kambendela kake kumanja. Nenze kuwasha mafilimu teni pa siku, vonse nataya mu mufolo, ngalande ya kumbuyo. Nenze kuganiza ati manzi ni manzi, yazayenda. Siku imozi neba wanga anauka, apeza vibata vake vinayi vafa. Lepu yake ya mu dimba yapsa monga bathilako manzi yokupya. Bachule mu mufolo bonse mimba kumwamba. Muntu uja sananikambise futi mpaka anakuka, kuyenda kunkala kwinangu. Na ine nili ku Chawama kuno, dothi ilipo. Imwe ku Kanyama mulibe dothi, muli pa myala yoboka. Vamene wataya viyenda stileti mu chisime."

Anatsokomola, n'kuloza Angelina ndi chala chakudacho.

"Na ichi usunge. Bantu baganiza ati ukabilisa manzi ndiye kuti yankala bwino. Kubilisa kupaya tudoyo twa matenda. Aya si tudoyo. Ungabilise mpaka ketulo ipse, mankwala yasala mwamene umo. Wamvela?"

"Namvela, ba shikulu."

"Nanga n'chani wayangana pansi? Yenda, mvula iyo."

6. Nkhope m'mbale

Mvula inamupeza asanawoloke msewu wa ku Kafue. Inali yamphamvu, yokhala ngati akukhutula ndi ndowa. Sanausepo. Anathamanga dzanja limodzi lili kumsana, kugwira mabotolo kuti asagundane.

Anafika kunyumba fotini awazi itadutsa. Sanadye, sanasinthe ngakhale diresi. Anayang'ana kuseri. Chidina chija madzi anali atachisuntha, ndipo mng'alu unali kumeza mvula ngati masiku onse. Fungo linali litatha. Anapuma pang'ono.

Anayesa kadutswa ka filimu. Kanada bii asanafike fifite.

Anatseka chitseko, anagwetsa bulangete, anatsekera chiguduli pansi. Mu mdimamo anatulutsa filimu mu kamela n'kuikulunga m'kathanki kake ndi zala zokha. Anaphonya kawiri, kachitatu inalowa.

Anathira divelopa. Anayang'anira wotchi ya atate ake, akugwedeza kathanki mphindi iliyonse. Anakhutula, anatsukuluza, anathira fikisa. Zotha ntchito zonse ankazithira m'chigubu, chimene tsopano chinali ndi malo ambiri.

Atatsegula kathanki, anakweza filimu kuchitseko. Zithunzi zonse khumi ndi ziwiri zinalipo. Chachisanu ndi chiwiri chinali cha Ba Mainess, nkhope yoyera, mano akuda, monga zimakhalira pa filimu.

Anaipachika chapatali ndi mbaula kuti iume. Nthawi yonseyo sanakhale pansi. Ankalowa, kutuluka, kukhudza m'mphepete mwa filimu, kuyang'ana wotchi. Kunyumba kwa Ba Chilekwa mwana ankalirabe.

Itauma, anadzitsekeranso. Anayatsa tochi yokutidwa ndi kansalu kofiira. Anaika filimu pamwamba pa pepala la zithunzi, anapsinja ndi galasi, anawalitsa tochi ina n'kuwerenga mpaka eyiti. Ndiye analowetsa pepalalo m'mbale ya mankhwala.

Poyamba linali loyera. Kenako maluwa a chitenge anayamba kuoneka. Kenako dzanja lili pamimba. Pomaliza nkhope, Ba Mainess akuseka, mutu atapendeketsa, ngati akufuna kunena kanthu.

Angelina anapukuta maso ndi phewa, chifukwa manja anali ndi mankhwala.

Atachilimbitsa m'fikisa, panatsala chinthu chimodzi. Chithunzi chimafuna kutsukidwa ndi madzi ambiri, kusintha kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ukachita ulesi, chimasanduka chachikasu chaka chisanathe. Ichi chinayenera kukhala mpaka Mwape adzakule. Koma diramu la pansi pa denga linali lobooka pakati, silinkasunga madzi ambiri, ndipo amene analimo anali atatha.

Anasiya chithunzi m'mbale ya madzi omaliza, anatenga ndowa, anapita kuchitsime.

7. Pachitsime

Chitsime chinali dzenje pakati pa miyala, pakamwa pake pali tayala lakale, chovundikira chake chitseko cha galimoto. Nthawi ya mvula madzi ankakwera pafupi, moti chingwe chinkangofunika mkono umodzi.

Angelina anakankha chitsekocho. Achule awiri ankayandama, mimba zili kumwamba.

Anaponya chitini chotungira, anakoka. Madzi anali ofiirira pang'ono. Madzi a mvula nawonso amatero. Anaweramira n'kununkhiza.

Linali fungo la m'kachipinda ka atate ake.

Anataya, anatunganso. Fungo lomwelo. Anatunga kachitatu, osasintha.

"Wabwela, we mwana? Chikope chafuma?"

Anali bana Chilekwa, mwana kumsana, ketulo m'manja. Mwape ankalira mofooka, mosiyasiya.

"Chachoka, ba mbuya. Chaoneka bwino."

"Lesa mukulu. Nitapileko, musana wandi ubaba. Nifuna nimupangile mukaka, alila maningi lelo uyu."

Anatambasula ketulo. Angelina sanailandire.

"Manzi yanunkako, ba mbuya."

"Ni mvula iyi, yatola vonse. Nizabilisa. Thila."

Palibe amene anamuona m'mawa uja. Ba Benard anali ku Chawama. Atate ake anali ku Katete. Akanangothira madziwo, gogoyo akanapita, mawa akanakwera sitima.

Angelina anakhutulira chitini pansi. Anakoka chitseko cha galimoto, anavundikira chitsime, n'kukhalapo pamwamba.

"Musatape, ba mbuya. Olo mubilise, siyazachoka. Muli mankwala ya masinapu."

"Mankwala? Yangena bwanji mu chisime?"

"Ndine. Ninataya mu mwala kumbuyo, kuseni. Chigubu chonse. Ba tate bananikanya, koma ninataya."

Amayi awiri a m'nyumba zina, amene ankabwera ndi ndowa zawo, anaima pamene anali. Mmodzi anaika dzanja pakamwa. Wina anatembenuka n'kuyamba kukuwira ana ake kuti asamwe za m'mtsuko.

Bana Chilekwa sanakuwe. Ketulo inawapulumuka n'kugwera m'matope.

"Kuseni?" anafunsa. "Nanga yaja ninatapa pamene mvula inaleka?"

Angelina anaimirira.

"Munatapa liti, ba mbuya?"

"Pa fifitini awazi. Ninabilisa bwino bwino. Amwa botolo imozi, asanza. Namupasa inangu, asanza futi. Ine nenze kuganiza ati ni mukaka wamukana." Anamasula chitenge, anamubweretsa mwana kutsogolo. "Mayo ine. Mwape. Mwape, mayo."

Nthawi yomweyo Ba Chilekwa analowa pampanda, ovalosi ili ndi mafuta. Inali seventini awazi ndendende. Anaona anthu pachitsime, anaona amayi awo, anaona Angelina.

"N'chani? Filimu yapsa?"

Angelina anathamangira m'kachipinda, anatuluka ndi chithunzi chikudontha madzi. Anachipereka ndi manja awiri, atagwada m'matope, ndipo ananena zonse kachiwiri, kuyambira pa mabo amene sanaponye mpaka pa bodza limene anauza Ba Benard.

Ba Chilekwa anamvetsera maso ali pachithunzi. Akazi awo ankaseka m'dzanja lawo, dzanja lili pamimba. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana mwana. Milomo ya Mwape inali youma, ndipo kulira kunali kutasiya.

Anachilowetsa chithunzicho m'thumba la pachifuwa, chonyowa chomwecho. Anatenga mwana m'manja mwa amayi awo.

"Nyamuka," anamuuza Angelina. Mawu anali otsika. "Kulila uzalila pambuyo. Tenga mabotolo yonse yabili. Ba dokota bazafuna kuziba chamene amwa, ndipo uzakamba ndiwe."

Angelina anabereka mabotolo kumsana kachiwiri tsiku limenelo. Kumbuyo kwake amayi aja anali kugubuduzira mwala waukulu pamwamba pa chitseko cha chitsime.

Anatuluka atatu, Ba Chilekwa patsogolo ndi mwana m'manja, Angelina pambuyo. Atafika pa msewu waukulu anapeza anthu ataunjikana, magalimoto ataima mzere. Kamlatho ka panjira ya kuchipatala kanali katamira, madzi akuthamanga pamwamba pake, ndipo panalibe amene ankayerekeza kuwoloka.

Ba Chilekwa anavula nsapato, anakweza mwana pamwamba pa mutu.

"Gwila lamba yanga," anamuuza Angelina. "Osasiya."